Khasu ndi Chikwapu pa Sukulu za Pulayimale

Aliyense amene anaphunzira pulayimale m'Malawi chisanafike chaka cha 1994 akudziwa kuti khasu linkagwira ntchito ziwiri pa sukulu. Pa nthawi ya phunziro la ulimi linali chida chophunzirira, koma ukachedwa m'mawa, khasu lomwelo linkasanduka chibalo. Ndagwira choko kufikira tsiku lopuma pa ntchito, ndipo ndimakhulupirira kuti kusakaniza ziwirizi kunapha maphunziro a ntchito zamanja m'dziko muno kuposa kusowa kwa ndalama kumene timakonda kunamizira.

Zinayamba kale, amishoni atangofika. Mishoni ya Blantyre inatsegulidwa mu 1876 ndi mpingo wa Church of Scotland, ndipo kuyambira pachiyambi sinafune kuphunzitsa Baibulo lokha ayi. Panali ukalipentala, kulima dimba, kuumba njerwa, kenako kusindikiza mabuku. Koma pasanathe zaka zambiri, pa mishoni pomwepo anthu oganiziridwa kuti aba ankamangidwa n'kukwapulidwa koopsa, mpaka wina anafa nazo. Mlendo wina, Andrew Chirnside, anakaulula nkhaniyi ku Britain mu 1880, ndipo mkulu wa mishoniyo, Duff MacDonald, anachotsedwa. Okwapulidwawo anali akuluakulu, osati ana a sukulu, komabe ana ankakhala pa bwalo lomwelo, ndipo maso alibe mpanda.

Amene analowa m'malo mwa MacDonald, David Clement Scott, anaonetsa nkhope ina ya ntchito zamanja. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, chinamangidwa ndi anthu a kuno amene anali asanamangepo nyumba ya mtundu umenewo, ndipo Scott mwiniwakeyo sanaphunzire za zomangamanga. Njerwa ankaumba pomwepo, m'zikombole za matabwa zosemedwa mosiyanasiyana, n'kumayesa kuzisanja kaye asanaike matope. Mukapita ku Blantyre, kaimeni pafupi ndi khoma lake muone mmene njerwazo zinalumikizirana. Anthu ophunzira mwamantha sakanamanga chinthu chotero.

Kumpoto, Robert Laws anatsegula sukulu yaikulu ya Livingstonia pa phiri la Khondowe mu 1894, kumene anyamata ankaphunzira kupala matabwa, kusema miyala, kusindikiza ndi kutumiza mauthenga pa lamya. Ku Chiradzulu, John Chilembwe anayambitsa Providence Industrial Mission mu 1900, ndipo mkazi wake Ida ankaphunzitsa amayi ndi atsikana kusoka. Kwa Chilembwe, luso la manja linali njira yoti munthu wakuda aime payekha, avale bwino, asagwadire mwini esiteti.

Atsamunda ankaziona mwina. Bungwe la Phelps-Stokes, lotsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones, litayendera Nyasaland mu 1924 linalimbikitsa maphunziro ogwirizana ndi moyo wa kumudzi. Boma linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, ndipo posakhalitsa linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi, kumenenso lero kuli Malawi Institute of Education. Kumeneko aphunzitsi ankapita ndi akazi awo kukaphunzira za ukhondo, zimbudzi, ulimi ndi kasamalidwe ka ana, kuti akabwerera aziyendera sukulu za m'midzi. Zambiri mwa izo zinali zabwino ndithu. Koma makolo sanali ogona. Ankaona kuti amene walemba bwino Chingerezi akukhala kalaliki wa boma, pamene woluka mitanga akubwerera kumudzi kukasaka ndalama ya msonkho. Ambiri anayamba kukayika kuti mwina mzungu akufuna mwana wawo athere pa khasu basi, ndipo sindingawadzudzule.

Ife tinaphunzira m'nthawi ya Kamuzu, amene ankalalikira ulimi pa msonkhano uliwonse. Sukulu yathu inali ndi munda wake. Tinkapima mizere ndi chingwe cha khonje chimene tinapota tokha, kutalikirana kwake masentimita 90, mbewu zitatu pa phando. Tinkakumba dzenje la kompositi, n'kumasanjikiza mapesi, ndowe ndi phulusa. Anyamata tinkasema mipini, mithiko ndi zipande, pamene atsikana ankaphunzira kusoka ndi kuphika. Mphunzitsi wathu wa sitandade 5, bambo wamfupi wosakonda kukweza mawu, anatiphunzitsa masamu a kukula kwa malo tili m'dimba, osati pa bolodi. Aliyense anapatsidwa bedi lake la mpiru, napima m'litali ndi m'lifupi, nawerengera mbande zimene zingakwanemo. Ukalakwitsa, mbande zinkatsala m'manja kapena kuperewera, ndipo unkadzionera wekha popanda wokukalipira. Masamu amenewo sanandichoke m'mutu.

Koma pa sukulu yomweyo, mnzanga wina amene ankayamba watsekulira ng'ombe za amalume ake asanabwere, ankapeza belu litalira kale pafupifupi tsiku lililonse. Chilango chake chinali kuzula chitsa kapena kukumba dzenje la zinyalala lofika m'chiuno mwake, anzake tili m'kalasi. Akamaliza ankalowa thukuta lili kamukamu, phunziro litadutsa, ndipo mawa lake akalephera kuyankha funso la phunziro lomwe sanalimve, ankalandira zikwapu m'manja. Palibe anamufunsapo chifukwa chimene ankachedwera. Anasiyira sitandade 6. Tinalinso ndi Sabata ya Achinyamata, pamene ana tinkalambula misewu ndi kuumba njerwa za chitukuko, a Payoniya akuyang'anira. Midadada ina imene ikugwirabe ntchito lero inamangidwa ndi njerwa zimenezo, koma panalibe mwana amene akanati sindikufuna.

Zinthu zinatembenuka mwachangu. Mu 1993 boma linalola kuti mtsikana amene watenga mimba adzabwerere ku sukulu akabereka. Kale ankangochotsedwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale, ndipo ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Tinalandira aphunzitsi anzathu zikwizikwi amene anaima kutsogolo kwa kalasi atangophunzitsidwa masabata ochepa. Ana ankakhala pansi pa mitengo ya mango, oposa 100 kwa mphunzitsi mmodzi. M'chipwirikiti chimenecho ntchito zamanja ndi zimene zinayamba kufa, chifukwa sungagawire ana 120 mipeni yosemera uli wekha. Ulimi unasamukira pa bolodi: mwana ankaloweza masitepe opangira kompositi kuti akakhoze mayeso a sitandade 8, dzenje lake asanalionepo.

Malamulo atsopano a dziko anabwera ndi nkhani ya ufulu wa ana, ndipo unduna unaletsa kukwapula. Aphunzitsi ambiri anadandaula kuti awalanda mphamvu, makolo ena nawo n'kumabwera okha kudzapempha kuti, "Aphunzitsi, mwanayu muzimukwapula, ndi wanu." Chikwapu sichinathe, chinangobisala kuseri kwa chitseko. Ndipo pamene chinachepadi, malo ake anatengedwa ndi chikwakwa, tsache ndi khasu.

Ngati pali chimene chinasintha mtima wa mwana pa sukulu m'zaka zimenezi, ine ndimaloza phala. Bungwe la Mary's Meals, limene anayambitsa Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland mu 2002, linayamba ndi kupereka phala kwa ana 200 okha kuno ku Malawi. Amayi a m'midzi yozungulira amadzuka kusanache kukasonkha moto ndi kutakasa likuni phala m'miphika ikuluikulu, osalipidwa. Ana amene tinkawatcha aulesi chifukwa chosinza nthawi ya 10 koloko anasiya kusinza, ndipo ochedwa anachepa popanda wowaopseza. Pambuyo pake panabwera magulu a amayi oyang'anira atsikana pa sukulu, amene amalondola mwana wojomba mpaka kwawo, amasoka nsalu zodzisamalira pa nthawi ya kumwezi, ndipo amamva nkhani zimene mtsikana sangauze mphunzitsi wamwamuna. Funso limene mnzanga uja sanafunsidwe, amayi amenewa amalifunsa.

Ntchito zamanja nazo zikuyesa kubwerera. M'makoleji a aphunzitsi amalimbikitsa njira ya TALULAR, yophunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi: zitsekerero za mabotolo ndi timitolo ta timitengo powerengera, zilembo zoumba ndi dongo, mapu ojambula pansi ndi phulusa ndi njere. Silabasi imene inayamba mu 2007 inaika luso la manja, nyimbo ndi masewera m'phunziro limodzi la Expressive Arts. Ndaonapo mwana wa sitandade 1 amene ankalira akapatsidwa pensulo ataumba chilembo choyamba cha dzina lake ndi dongo, n'kukana kuchisiya m'kalasi poweruka. Koma pa sukulu zambiri zimene ndimadutsa popita kumsika, makasu amasungidwabe mu ofesi ya ahedi, ndipo amatuluka belu la m'mawa likangolira, kudikira ochedwa pa geti.