Jean-Baptiste Arban: Mphunzitsi Amene Adapezera Ulemu Lipenga Lonyozeka

Lipenga lotchedwa koneti lidayamba kudziwika ku France cha m'ma 1830. Ndi lipenga lamkuwa, lalifupi, lokhala ndi mabatani atatu amene woimba amadina pofuna kusintha mawu. Ngakhale lidafala msanga, akatswiri a nyimbo ankaliyesa chida cha m'nyumba zovinira ndi m'misewu, chosayenera kumveka pamaso pa anthu olemekezeka. Hector Berlioz, wopeka nyimbo wotchuka wa nthawiyo, adachita kulemba kuti mawu ake ndi opanda ulemerero. Amene adachotsa chitonzo chimenechi ndi Jean-Baptiste Arban.

Arban adabadwira mumzinda wa Lyon pa 28 February 1825. Kuyambira mu 1841 mpaka mu 1845 adaphunzira pa sukulu yaikulu ya nyimbo ya Conservatoire ku Paris. Mphunzitsi wake, François Dauverné, adali katswiri wa lipenga lamakedzana lopanda mabatani, limene panthawiyo ndilo linkawerengedwa kuti ndi la akatswiri. Koma mtima wa mnyamatayu udali pa koneti. Luso la Niccolò Paganini, amene adazizwitsa Ulaya yense ndi vayolini, lidamupatsa chikhulupiriro chakuti nalonso lipenga likhoza kuyimba lokha, anthu n'kukhala chete kulimvetsera.

Vuto lidali liwiro. Woimba lipenga amadula mawu ndi nsonga ya lilime, ndipo nsongayo ili ndi malire pa kuthamanga kwake. Arban adatengera njira ya oimba chitoliro, yosinthanitsa nsonga ndi tsinde la lilime monga munthu wonena kuti "tu-ku" kapena "tu-tu-ku". Mu 1848 adayimba pa koneti, pamaso pa akuluakulu a nyimbo ku Paris, nyimbo yovuta imene idapekedwera chitoliro. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha: zimene omvera adazizwa nazo tsiku limenelo zidali zipatso za zaka zambiri zobwereza phunziro limodzimodzi.

Mu 1857 adapatsidwa ntchito yophunzitsa asilikali oimba malipenga a mtundu wa saxhorn, amene adakonzedwa ndi Adolphe Sax. Mu 1869 Conservatoire idamusankha kukhala pulofesa wa koneti. Motero chida chija chidalowa m'sukulu imene kale inkachiyang'ana cham'mbali. Mmodzi mwa ophunzira ake, Merri Franquin, adadzakhala pulofesa wa lipenga pa sukulu yomweyo.

Komatu woimba akafa, mawu a lipenga lake amafa naye. Palibe munthu wamoyo lero amene angachitire umboni mmene Arban ankayimbira. Chimene chidamupulumutsa ku chiiwaliro ndi buku limene adasindikiza mu 1864, lodziwika ndi dzina lachidule lakuti Grande méthode. Bukuli limayamba ndi kagwiridwe ka lipenga ndi kaikidwe ka milomo, kenaka limamuyendetsa wophunzira pang'onopang'ono m'maphunziro a zala, mpweya ndi lilime, mpaka kumufikitsa pa maphunziro 14 ovuta ndi nyimbo zoyimba munthu payekha. Mwa nyimbozo muli ija yotchuka ya Le Carnaval de Venise, imene mpaka pano imasiyanitsa wophunzira ndi katswiri. Bukuli lidamasuliridwa m'zinenero zina, ndipo oimba ambiri amalitcha Baibulo la oimba malipenga.

Arban adamwalira ku Paris pa 8 April 1889. Sadabise luso lake monga amachitira ena oopa kuposedwa, koma adaliyala poyera kuti aliyense wakhama alitole. N'chifukwa chake lero, m'magulu oimba a asilikali, apolisi, sukulu ndi mipingo m'maiko ambiri, mwana wongoyamba kumene kuuzira lipenga amatsegula masamba omwewo amene adatsegula aphunzitsi a aphunzitsi ake.