Masacheti ndi Maso a Agogo

Kale mowa udali wa akuluakulu. Mwana akayandikira mbiya ya masese, agogo aliwonse ankamupirikitsa, poti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kenaka kudabwera masacheti, timapaketi ta mowa waukali, totchipa, tokwana m'thumba la yunifolomu. Ana ena ankalowa m'kalasi ali dzandidzandi.

Ku Zambia, nduna Nkandu Luo idaletsa timapaketiti, totchedwa tujilijili, mu 2012. Kuno kwathu makolo, aphunzitsi, mafumu ndi azipembedzo atadandaula kokwanira, boma lidaletsa masacheti mu 2015, makampani nkuthamangira kukhoti.

Komatu lamulo loletsa kugulitsa mowa kwa wosakwana zaka 18 lidalipo kale. Nanga chidasowa nchiyani, abale? Maso a agogo aja. Wapolisi sangaime pa okala iliyonse, koma mnansi amadutsapo tsiku lililonse.