Nyumba zosungiramo katundu ku Chitipa: chilolezo chimachokera kuti?

Munthu wofuna kumanga nyumba yaikulu yosungiramo mbewu kapena katundu wamalonda m'boma la Chitipa sangayambe kukumba maziko chifukwa choti mfumu yamulozera malo kapena ali ndi chikalata cha liizi. Lamulo limati pulani yake iyambe yaunikidwa ndi komiti yoona za mapulani, ndipo ntchito iyambe pokhapokha chilolezo chikatuluka.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yaikulu ku Chitipa

Chitipa, yemwe m'nthawi ya atsamunda ankatchedwa Fort Hill, ali kumapeto kwa dziko lino chakumpoto ndipo adachita malire ndi Tanzania komanso Zambia. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'bomali muli anthu 234,927. Ambiri ndi alimi a chimanga, nyemba, mawere ndi mpendadzuwa, pomwe kumapiri a Misuku kumalimidwa khofi.

Msewu wa phula wa makilomita 101 wochokera ku Karonga, womwe udamangidwa ndi thandizo la dziko la China, udatsegula bomali kwa ogula mbewu ochokera kutali. Mbewu zikagulidwa zimafuna posungira zisanakwezedwe m'mathiraki. Mlimi yemwe alibe posungira amagulitsa nthawi yokolola, mitengo ili pansi, kuopa kuti nankafumbwe angamudyere thukuta lake. N'chifukwa chake malo a m'mbali mwa msewu ndi ofunika kwa amalonda.

Zomwe lamulo limanena

Lamulo la Physical Planning Act la 2016 lidalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act la 1988. Lamulo lakalelo linkagwira ntchito kwenikweni m'mizinda ndi m'madera omwe boma lidachita kuwatchula. Latsopanoli lidaika dziko lonse la Malawi pansi pa ndondomeko ya mapulani. Izi zikutanthauza kuti nyumba yamalonda ya ku Nthalire, Wenya kapena Kameme ikufunika chilolezo chimodzimodzi ndi ya pa boma.

Womanga amapereka ku khonsolo pempho lake pamodzi ndi umboni wa umwini wa malo, mapu osonyeza pomwe nyumbayo idzakhale ndi zojambula za nyumbayo. Umwini ndi chilolezo chomangira ndi zinthu ziwiri zosiyana. Za umwini zimayendera lamulo la Land Act ndi Customary Land Act, onse a 2016, pomwe komiti ya mapulani imaona ngati chomangidwacho chili choyenera pamalopo.

Zomwe komiti imaunika

Choyamba ndi ntchito yomwe malowo adapatulidwira. Malo osungidwira sukulu, msika, manda kapena nyumba zogona sasanduka amalonda popanda pempho lapadera losinthira ntchito yake.

Chachiwiri ndi msewu. Nyumba yotere imakoka mathiraki olemera, choncho pamafunika polowera, potembenukira ndi poimika galimoto mkati mwa mpanda. Nyumbayo isalowe m'malire a msewu, omwe pamisewu ikuluikulu amayang'aniridwa ndi bungwe la Roads Authority.

Chachitatu ndi madzi. Denga lalikulu la malata limasonkhanitsa madzi ambiri amvula, ndipo popanda ngalande madziwo amathera m'makomo ndi m'minda ya oyandikana nawo.

Chachinayi ndi umoyo wa anthu. Mbewu zosungidwa zimafukizidwa mankhwala ophera tizilombo, ena mwa iwo ndi poizoni kwa munthu. Komiti imaona kutalika kwa nyumbayo ndi makomo a anthu, zitsime ndi sukulu, komanso zimbudzi za ogwira ntchito ndi njira zothawira moto. Ntchito ikakhala yaikulu, lamulo la Environment Management Act la 2017 limafuna kuti pakhale kafukufuku wa momwe ingakhudzire chilengedwe ndi anthu, yemwe amavomerezedwa ndi bungwe la Malawi Environment Protection Authority (Mepa).

Chigamulo ndi zotsatira zake

Komiti ili ndi njira zitatu: kuvomereza, kuvomereza koma ndi mfundo zoti womanga atsatire, kapena kukana. Wosakhutira ndi chigamulocho ali ndi ufulu wochita apilo. Womanga popanda chilolezo atha kupatsidwa kalata yoimitsa ntchito, ndipo nyumba yake itha kugumulidwa ngakhale atawonongerapo ndalama zochuluka.

Anthu okhala pafupi ndi malowo nawonso ali ndi mbali yawo. Atha kupereka madandaulo awo ku khonsolo kudzera mwa khansala, mfumu kapena komiti ya chitukuko ya m'dera lawo. Dandaulo la njira yotsekedwa kapena chitsime chomwe chili pangozi limamveka bwino pulani ikadali papepala. Khoma likakwera, nkhani imasanduka mlandu wotenga nthawi ndi ndalama kumbali zonse ziwiri.