Mayina a malo pa mapu akale a ku Angónia ndi m'malire

Munthu wotsegula mapu a chigawo cha Tete a nthawi ya atsamunda atha kulephera kupeza kwawo. Pamene lero pali Ulónguè panalembedwa Vila Coutinho. Ku Niassa, Lichinga inali Vila Cabral, ndipo tsidya la malire Mchinji inkatchedwa Fort Manning, Chipata Fort Jameson. Mayina a mtundu umenewu anachotsedwa mayiko athu atalandira ufulu, kuno pambuyo pa 1975.

Amenewa savuta kuwalondola. Ovuta ndi mayina athu omwe amene analembedwa ndi cholembera cha Chipwitikizi. Mzungu akamva "we" ankalemba "ue", akamva "ka" ankalemba "ca", akamva "ny" ankalemba "nh". Motero Domwe anasanduka Dómuè, Zobwe Zóbuè, Makanga Macanga, ndipo Kalomwe, pa chipata cholowera ku Dedza, ndi Calómuè. Chiyambire pangano la 1891 la Portugal ndi Britain, lomwe linadula malire pakati pa anthu a chilankhulo chimodzi, mtsinje kapena phiri limodzi limapezeka ndi kalembedwe kawiri.

Palinso nkhani yakuti midzi yambiri imatchedwa ndi dzina la mfumu yake. Mfumu ikasamuka, dzina limasamuka nayo, pakale paja n'kutsala bwinja. Kusamuka kunachuluka anthu atasonkhanitsidwa m'midzi ya chikakamizo pa nkhondo ya ufulu, kenako pa nkhondo yomwe inatha mu 1992, pamene mabanja ambirimbiri anathawira ku Malawi. Mudzi wa pa mapu a 1960 ungakhale wosiyana malo ndi mudzi wa dzina lomwelo lero.

N'chifukwa chake ofufuza amatsegulanso mabuku a ubatizo ndi a ukwati a m'maparishi. Ku mishoni zakale monga Lifidzi, yomwe anayambitsa ansembe a Chijezuiti mu 1909, ankalemba dzina la wobatizidwa, makolo ake, tsiku ndi mudzi wochokera. Bukulo limasonyeza kuti dzina lakutilakuti linkamveka chaka chiti, ndipo pansi pa tchalitchi chiti. Maparishi nawo amagawidwa: dayosizi ya Tete inakhazikitsidwa mu 1962, choncho zolembedwa za mudzi umodzi zingakhale ku mishoni yakale, osati ku parishi ya lero.

Wolemba dzina mosamala salekera pa dzina lokha. Amalemba mmene eni ake amalitchulira, mmene lilili pa chikalata cha boma, dzina lakale, mfumu ya deralo, parishi, ndi chizindikiro chosasuntha monga mtsinje, dambo, phiri kapena manda. Manda ndi odalirika kuposa mtengo, poti mtengo umagwa ndi nkhwangwa.

Kwa mlimi zimenezi zimakhudza munda. Lamulo la malo la 1997 limavomereza umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi pa nkhani ya yemwe wakhala akulima malo. Umboniwo umalemera pamene dambo lomwe agogo akulitchula lipezekanso pa mapu ndi m'buku la parishi, ngakhale litalembedwa m'njira zitatu.