Namitete: Tauni Yokulira Pamsewu wa ku Mchinji

Namitete ndi tauni yaing'ono ya kuzambwe kwa boma la Lilongwe, m'dera la Mfumu Yaikulu Kalolo, pamsewu wa M12 umene umachoka mumzinda wa Lilongwe kupita ku Mchinji mpaka ku Zambia. Ili chapakatikati pa ulendowu, makilomita oposa 50 kuchokera mumzinda. Munthu wochokera ku Lilongwe amadutsa Njewa, Chitedze, Mpingu, Msundwe ndi Chileka asadafikepo, ndipo akapitirira amalowa m'boma la Mchinji, cha ku Waliranji ndi ku Kamwendo. Dzinali ndi la mtsinje wa Namitete, umene umakathira mu Bua. Dera lonseli ndi chidikha cha katondo ndi madambo, dziko la chimanga, mtedza, soya ndi fodya.

Eni dera ndi Achewa. Tauni isadabadwe kudali midzi ya mbumba, momwe munda umatsata mzere wa kuchikazi ndipo mwamuna amakakhala chikamwini kwawo kwa mkazi. Mfumu ya mzinda idali ndi dambwe lake, ndipo gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005, akadatulukabe pamaliro, pa ziliza ndi polonga ufumu m'midzi yozungulira tauniyi. Chaka ndi chaka, mwezi wa Ogasiti, mafumu ndi anthu awo amadutsa pomwepa popita ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi.

Chimene chidayamba kusintha dera ndi msewu. Atsamunda atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898, adalimbitsa ulamuliro wawo pa Fort Manning, imene lero ndi Mchinji, ndi pa Fort Jameson, imene lero ndi Chipata. Boma la Lilongwe litakhazikitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, padafunika njira yolumikiza malo atatuwa. Poyamba idali njira ya amtengatenga ndi machira, kenaka ngolo, pambuyo pake malole. Pamene njirayo idawoloka mitsinje ndi pamene anthu ankapumula, kugula chakudya ndi kugona, ndipo malo ambiri a malonda a m'mbali mwa M12 adaphukira pa malo otere.

Ndalama zidabwera ndi fodya. Cha m'ma 1920 mzungu wina, A. F. Barron, adatsegula esiteti pa Mbabzi, kuzambwe kwa Lilongwe, nayamba kugawira alimi a m'midzi mbewu ya fodya wa chikopa ndi kumawagula masamba ake. M'zaka zowerengeka ulimiwu udafalikira chidikha chonse, mwakuti mu 1926 boma lidakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti lizilemba alimi ndi kuyang'anira misika. Mlimi wogulitsa fodya ankafuna nsalu, mchere, khasu ndi njinga, ndipo ogulitsa zinthuzi, ambiri mwa iwo Amwenye, adamanga masitolo kufupi ndi misika ya fodya. Amene fodya sadawakwanire ndalama ya msonkho ankapita ku Halale kapena ku Joni kudzera ku mabungwe olemba anthu ntchito a Mthandizi ndi Wenela, ena osabwereranso. Kuchoka pamudzi kukasaka ndalama si chinthu cha lero m'derali. Chasintha ndi kutalika kwa ulendo, poti agogo ankachoka zaka pamene adzukulu awo amachoka m'bandakucha nabwerera madzulo.

Komabe chimene chidasiyanitsa Namitete ndi malo ena a malonda ndi mpingo wa Katolika. Ansembe a chipani cha White Fathers adali atakhazikika kale ku Likuni ndi ku Kachebere chiyambire zaka zoyambirira za m'ma 1900, ndipo Namitete ili pakati pa mishoni ziwirizi. Mu 1959 asisitere a chipani cha Carmelite ochokera ku Luxembourg adatsegula chipatala cha St Gabriel's pa Namitondo, makilomita ochepa kuchoka pamsewu waukulu. Chidayamba chaching'ono, koma lero chili ndi mabedi oposa 200, chimachita maopaleshoni, chimachiritsa amayi oyembekezera, chimapereka mankhwala otalikitsa moyo ndiponso chimasamalira odwala matenda okhalitsa. Mwini wake ndi arkidayosizi ya Lilongwe, ndipo chili m'bungwe la zipatala za mipingo la CHAM. Odwala amachokera m'maboma onse awiri, Lilongwe ndi Mchinji, ndipo si zachilendo kuona munthu wa mumzinda weniweni akukwera minibasi kulowera kuzambwe, kusiya zipatala zazikulu m'mbuyo, kuti akaonedwe ku Namitete. Pokhala cha mishoni, chipatalachi nchollipiritsa, ndipo kwa banja lodalira khasu ndalamayo si yaing'ono ayi.

Pachipatala pomwepa padayesedwa njira imene idadzafalikira m'maiko ambiri. Mu 2008 wophunzira wa pa yunivesite ya Stanford ku America, Josh Nesbit, adabwera ndi mafoni am'manja ogwiritsidwapo kale ntchito pamodzi ndi kompyuta imodzi. Mafoniwo adagawidwa kwa anthu ongodzipereka othandiza odwala m'midzi, kuti m'malo mopalasa njinga mtunda wautali kukanena za wodwala, azingotumiza uthenga kuchipatala. Ntchitoyi ndiyo idabala bungwe la Medic Mobile. Anthu ambiri okhala pa Namitete sadziwa kuti dzina la kwawo limatchulidwa m'mbiri ya zaumoyo chifukwa cha zimenezi, chonsecho adaisenza ntchitoyo ndi anthu a m'midzi yawo yomwe.

Chipatala chidakoka anamwino, madokotala, alonda ndi ophika, ndipo onsewa adafuna nyumba, msika ndi sukulu za ana awo. Odikirira odwala adafuna nkhuni, ndiwo ndi malo ogona. Motero Namitondo idasanduka kamsika pakokha, ndipo akabaza oyenda pakati pa msewu waukulu ndi chipatala adapeza ntchito yosatha.

Mzati wina wa tauniyi ndi maphunziro. Namitete Technical College, imene idayambanso ndi mpingo wa Katolika, ili m'gulu la makoleji akuluakulu a ntchito za manja m'dziko muno, pamodzi ndi a Lilongwe, Salima, Soche, Nasawa, Mzuzu ndi Livingstonia. Yaphunzitsa akalipentala ndi amisiri omanga nyumba ochuluka, ndipo chiyambire 1999 maphunziro otere amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA. Palinso sekondale ya Namitete, yogonera pomwepo, ndi sukulu za pulayimale zingapo.

Dziko litalandira ufulu, boma la Dr Kamuzu Banda lidaika maso pa chidikha cha Lilongwe. Mu 1968 idayamba pulogalamu ya Lilongwe Land Development Programme, yothandizidwa ndi World Bank, imene idalambula misewu ya m'midzi, kukumba mijigo, kupima migula, kumanga misika ndi kubwereketsa alimi feteleza. Malo a m'midzi yambiri ya kuzambwe adapimidwa ndi kulembedwa m'dzina la banja, njira imene anthu amaitcha ndunda. Kafukufuku wa mbewu ankachitikira pa Chitedze, pamene padatsegulidwa mu 1948. ADMARC, yokhazikitsidwa mu 1971, idakhala wogula wamkulu wa chimanga, mtedza ndi fodya wa alimi ang'onoang'ono. M'zaka zomwezo boma lidalamula Amwenye kuchoka m'misika ya kumidzi kupita m'mizinda, ndipo malonda a m'malo ngati ano adatsalira Amalawi okhala ndi mpamba wochepa.

Kusintha kwakukulu kudadza likulu la dziko litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975. Mu 1966 Lilongwe idali ndi anthu osakwana 20,000. Pa kalembera wa 2018 mumzindawu mudapezeka anthu pafupifupi 989,000. Khamu lotere limadya tsiku ndi tsiku, ndipo gawo lalikulu la chakudya chake limalowa kudzera pa M12. Okushoni ya fodya itatsegulidwa ku Kanengo mu 1979, mabelo adaleka ulendo wautali wa ku Limbe. Njanji ya ku Mchinji, yomangidwa ndi thandizo la dziko la Canada, idatha mu 1980 ndipo idadutsa m'chigawo chomwechi, koma sidasinthe kayendedwe ka anthu wamba, poti sitima zonyamula anthu siziyendamo. Zimene zidafupikitsa mtunda ndi phula, minibasi zimene zidachuluka m'zaka za m'ma 1990, kenaka timagalimoto ta Sienta ndi njinga zamoto. M'zaka za m'ma 1990 zomwezo alimi ang'onoang'ono adaloledwa kulima fodya wa bale, ndipo mavenda adalowa m'malo ambiri amene ADMARC idasiya.

Lero tauniyi imadzuka molawirira chifukwa cha Lilongwe. Kusadache amayi amakweza madengu a tomato, anyezi, mbatata ndi masamba a kudimba kupita nawo m'misika ya mumzinda, ndipo pobwera amatenga kaunjika, sopo, shuga ndi mafuta ophikira zodzagulitsa m'maokala. Amisiri omanga, ogulitsa mbuzi ndi nkhuku, ndi ofuna mapepala m'maofesi a boma amadzaza minibasi zomwezo. Ogwira ntchito yolembedwa amene amapita ndi kubwera tsiku lililonse ngochuluka ku Njewa, Chitedze ndi Mpingu, kumene mtengo wokwerera ngocheperako. Pa Namitete mafuta akangokwera mtengo, ulendo wa tsiku ndi tsiku umasanduka wa pamlungu. Pamsewu womwewu pamadutsanso njinga zolemedwa ndi matumba a makala, ambiri ochokera ku nkhalango ya Dzalanyama kumwera, imene mzinda ukuimaliza pophikira pamene madzi ake akumwa amachokera komweko.

Zofunika za tsiku ndi tsiku zimapezeka pomwepo. Pali polisi, msika, zigayo, magolosale, mashopu a feteleza ndi mbewu, malo owotcherera zitsulo, maresitihausi ndi timakontena ta Airtel Money ndi Mpamba, timene kwa anthu ambiri ndito banki. Magetsi a ESCOM alipo pamsika ndi pa mishoni, koma munthu akangoyenda pang'ono kulowa m'midzi amapeza tochi ndi sola. Nyengo yokolola, kuyambira Epulo, sikelo za mavenda zimandanda m'mbali mwa msewu ndipo ndalama zimayenda. Pofika Januwale tauni imazizira, anthu ali pa ganyu.

Malo anzake a kumpoto, Nsaru, Kabudula, Kasiya ndi Nambuma, adachokera ku mizu yofanana ya fodya, msika ndi mpingo, koma adakhala zaka zambiri kutali ndi phula, ndipo nthawi ya dzinja ulendo wa ku Lilongwe unkatha tsiku. Msewu wa phula wochokera ku bwalo lakale la ndege la Lilongwe kulowera ku Santhe, wokhala ndi nthambi ya ku Kasiya, udafupikitsa ulendowo, ndipo kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals yapeza ku Kasiya miyala ya rutile ndi graphite yochuluka kotero kuti kampani ya migodi ya Rio Tinto idagulamo masheya mu 2023. Zimene msewu udachitira Namitete m'zaka zambiri zikhoza kuchitikira malowa m'nthawi yochepa.

Ngakhale yakula chotere, Namitete ilibe khonsolo yakeyake. Ili pansi pa khonsolo ya boma la Lilongwe, imene pa kalembera wa 2018 inkayang'anira anthu oposa 1.6 miliyoni, ndipo malo ambiri amagawidwabe ndi mafumu. Nyumba ndi mashopu zimamangidwa mothithikana ndi msewu umene malole a ku Zambia amathamangamo usana ndi usiku, minda ikudulidwa mapuloti popanda kusiya njira kapena ngalande, ndipo zinyalala za pamsika zilibe kotayira koyenera. Chipatala ndi koleji zidamangidwa ndi anthu amene adaganizira zaka za m'tsogolo, koma tauni yozizungulira ikungomera yokha. Khonsolo ya Lilongwe ndi mafumu a kwa Kalolo ayenera kupima malo a msika, siteji, misewu ndi madzi pakali pano, malo opanda nyumba asadathe.