Mizimu ya Makolo pakati pa Achewa

Kuyambira kalekale Achewa ankakhulupirira kuti munthu akamwalira, mzimu wake sutha. Umayamba wayendayenda pafupi ndi mudzi, osakhazikika, mpaka abale atachita mwambo wa mpalo: amafulula mowa, kumeta tsitsi, ndipo Gule Wamkulu amatuluka kudambwe. Chilombo chotchedwa Kasiyamaliro ndicho chinkaperekeza mzimuwo kwa makolo. Ukafika kumeneko unkakhala mkhalapakati wa amoyo ndi Chauta, wolankhula kudzera m'maloto, wolandira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo.

Amishoni atakhazikika ku Mvera mu 1889 ndi ku Mua mu 1902, anabwera ndi chiphunzitso cha kumwamba ndi chiweruzo, nalimbana kwambiri ndi zinyau. Chikhulupiriro chakalecho sichinazimirire. Mpaka lero mabanja ambiri achikhristu amapatsa mwana dzina la agogo amene anatisiya.