Choyera, Chakuda ndi Chofiira: Mbiri ya Mitundu ya Zovala za Gule Wamkulu

Boma la Rufunsa, limene linapatulidwa ku Chongwe m'masiku a Pulezidenti Michael Sata, ndi dziko la Asoli, lolamulidwa ndi mafumu Mpanshya, Bunda Bunda ndi Shikabeta. Koma popeza msewu wa Great East Road unalidula pakati polunjika ku mlatho wa Luangwa, anthu a kum'mawa, Achewa ndi Ansenga, akhala akudutsamo ndi kumangamo kwa zaka zambiri, kotero kuti Chinyanja chimamveka m'misika yonse ya m'mbali mwa msewuwo, ndipo mwezi wa Ogasiti ukamapita kumapeto, ambiri amakwera mabasi kunka ku Mkaika, ku Katete, kukalambira Kalonga Gawa Undi pa mwambo wa Kulamba. Mwana wobadwira kuno akafika pabwalo limenelo amaona zilombo za nkhope zakuda, zofiira ndi zoyera, nayesa kuti mitunduyo ndi yongokometsera; sadziwa kuti ili ndi mbiri yaitali kuposa nsalu ndi utoto wa m'sitolo. Za kudambwe saulula, ndipo ifenso sitidzapyola malire amenewo. Tidzanena zokhazo zimene zimaonekera poyera, pamaso pa amayi ndi ana.

Umboni wakale koposa uli pamiyala. M'mapanga a ku Chongoni, m'boma la Dedza ku Malawi, kumene kuli malo 127 a zojambula amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, ndiponso ku Thandwe ndi ku Makwe m'chigawo cha kum'mawa kwa Zambia, muli zojambula za mibadwo iwiri. Zoyamba ndi zofiira, mizere ndi zozungulira, ntchito ya Akafula, alenje aja amene makolo athu anawapeza m'dziko muno. Zotsatira ndi zoyera, zopakidwa ndi chala, ntchito ya alimi, ndipo zina mwa izo ndi za chinamwali, zina ndi zifaniziro za zilombo za Nyau. Sichinali chinthu chongochitika kuti iwo anasankha dothi loyera, pakuti kuyera ndiwo mtundu wa mizimu: ndi ufa woyera umene ankathira patsinde pa mpoza popempha makolo, ndipo Kasiyamaliro, mayi wa zilombo zonse, amene amaperekeza mzimu wa womwalira kumanda, amaoneka mbuu ndi makoko a chimanga.

M'nthawi ya ufumu wa Maravi, pamene Akalonga ankalamulira kuchokera ku Mankhamba ndipo Undi anali atakhazikika ku Mano, mitundu itatuyi inali ndi malo ake odziwika, ndipo yonse inkachokera m'nthaka ndi pamoto: choyera ku ufa, phulusa ndi dothi, chakuda ku makala ndi mwaye, chofiira ku katondo ndi ku utomoni wa mitengo monga mlombwa, umene ukatemedwa umakha ngati magazi. Chakuda, chimene anthu a lero afulumira kuchiyesa cha maliro ndi ufiti chabe, chinali mtundu wa mitambo ya mvula, wa nthaka yachonde ndi wa kubala. N'chifukwa chake ku kachisi wa Makewana ku Msinja, ndi kwa Mbona ku Khulubvi, nsembe ya mvula inkafuna nsalu yakuda ndi chiweto chakuda, pamene chofiira, mtundu wa moto, magazi ndi kutentha, sichinkaloledwa kuyandikira. Pabwalo, Chadzunda, tate wa gule, amatuluka ndi nkhope yakuda bii, yamakwinya, ya mano ogweruka ndi ndevu za imvi, akutsimphina ngati nkhalamba yotheratu. Koma ng'oma zikakolera amadzuka navina mwamphamvu, kuti onse aone kuti ukalamba wake sunaphe ufumu kapena mphamvu ya kubereka. Namwali nayenso, pa tsiku lotuluka m'tsimba, ankasenza pamutu chingondo choumbidwa ndi dothi, chamawangamawanga oyera, akuda ndi ofiira, thupi lake litadonthezedwa ufa. Pakuti iye anali atafa ku ubwana, ataona magazi a ukulu, nabadwanso monga mayi wa mudzi.

Zaka za m'ma 1800 zinadza ndi alendo, ndipo alendowo anasintha chofiira. Angoni a Mpezeni anasakaza midzi ya Achewa kufikira pamene Angerezi anawagonjetsa mu 1898. Chaka chotsatira, 1899, amishoni a Dutch Reformed anamanga ku Magwero, pafupi ndi Fort Jameson imene lero ndi Chipata, monga anzawo anali atamangira kale ku Mvera mu 1889, ndipo ansembe a White Fathers anafika ku Mua mu 1902. Mkangano umene unabuka pakati pa sukulu ndi dambwe unali woopsa, pakuti mbali zonse ziwiri zinkalimbirana ana omwewo, ndipo wolowa kwina ankayesedwa wotayika kwinako. Koma gule sanayankhe ndi mkondo. Anayankha ndi chipongwe. Anatulutsa Simoni, wotchedwa dzina la mtumwi Petro, wa nkhope yofiira psuu ngati Mzungu wopsa ndi dzuwa, wovala suti ya nsanza, wodzitukumula ndi wosadziwa mwambo. Anatulutsanso Mariya, wa nkhope yosalala yofiirira, amene anam'patsa kukhala mkazi wa Chadzunda. Motero chofiira, chimene kale chinkachenjeza za magazi ndi mdulo, chinasenzanso tanthauzo la mlendo, munthu wotentha amene ayenera kuyang'aniridwa. Ndipo ngakhale akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, anadziwanso kuti kalumo komweko kamatema.

Mipingo nayo sinathawe mitundu itatuyi, ingakhale inaiphunzitsa mwa njira ina. Mlaliki wa ku London, Charles Spurgeon, analalikira mu 1866 za kabuku kopanda mawu, ka masamba atatu, lakuda la uchimo, lofiira la mwazi wa Khristu, ndi loyera la mtima wotsukidwa. Ndipo chiphunzitso chomwecho ndicho chimamveka kufikira lero pamene amayi a United Church of Zambia, mpingo umene unakhazikitsidwa mu 1965, avekedwa bulauzi yofiira, siketi yakuda ndi duku loyera, kapena pamene amayi a Chigwirizano ndi a Mvano avala zoyera pamwamba ndi zakuda pansi. Apa chakuda chinataya mvula yake nichisanduka mdima wokhawokha, pamene chofiira, chimene kukachisi chinali choletsedwa, chinakhala chipulumutso. Mayi mmodzi yemweyo ankatha kumva zonse ziwiri, china kwa namkungwi, china kwa mkazi wa abusa, nazisunga mumtima mwake popanda kuzisokoneza.

Pambuyo pake, amuna atayamba kupita ku migodi ya Copperbelt, ku mafamu a Southern Rhodesia ndi ku makomboni a Lusaka ndi Salisbury, gule anapita nawo, napeza kumeneko utoto wa m'zitini, masaka, mphira ndi nsalu za salaula. Pamenepo panaoneka nkhope zachikasu, zobiriwira ndi zapinki, zimene makolo sanaziwone. Ena adandaula kuti mwambo unasukuluka, koma woyang'anitsitsa adzaona kuti mitundu yatsopanoyi kawirikawiri inagwera m'makola akale omwe aja, yowala kukhala ya alendo ndi a makhalidwe achilendo, pamene zilombo zazikulu za maliro ndi za ufumu zinasunga maonekedwe awo. Mwambo wa Kulamba, umene boma la atsamunda linauletsa, unayambiranso mu 1984. UNESCO inalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha anthu onse mu 2005. Ndipo ku Mua, Bambo Claude Boucher, wansembe wa chipani chomwe chija chimene chinalimbana ndi Nyau, anayambitsa Kungoni mu 1976, nasonkhanitsa nkhope mazanamazana pamodzi ndi matanthauzo ake.

Chimene mbiri yonseyi itiphunzitsa n'chakuti palibe mtundu umene uli ndi tanthauzo limodzi lokha: chakuda ndi mvula ndiponso ndi usiku wa mfiti, chofiira ndi kubadwa ndiponso ndi ngozi, choyera ndi mtendere wa mizimu ndiponso ndi imfa, ndipo chimene chimasiyanitsa ndi bwalo, nyimbo, nyengo, ndi mkulu woima pambali kufotokozera ana. Chifukwa chake choopsa pa masiku ano si utoto wa m'sitolo ayi, pakuti gule anameza zachilendo zambiri osatsamwa; choopsa n'chakuti mabanja amene anamanga kutali ndi mizinda ya makolo awo, monga a m'mbali mwa msewu wa ku Rufunsa, angalere ana odziwa kujambula chilombo pafoni, koma osadziwa chifukwa chake nkhope ya Chadzunda ili yakuda. Atsibweni ndi agogo amene akali ndi chidziwitso chimenechi asadikire kuti afunsidwe, pakuti zambiri mwa izi si zinsinsi za kudambwe, koma mwambo wa pabwalo umene mwana aliyense wa Mchewa ayenera kuulandira.